Nsomba Youluka ya ku Barbados

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a masukulu a ku midzi, pa za phunziro la Cilengedwe



Pa zinthu zonse zimene mphunzitsi amauza ana za nyanja yamcere, palibe cimene ana amacikana msanga kuposa mau akuti kuli nsomba zouluka. Akauzidwa kuti madzi a m'nyanja yaikuru samweka cifukwa ca mcere, amabvomera. Akauzidwa kuti m'menemo muli namgumi wolemera kuposa njobvu khumi, amagwira pakamwa, koma amabvomerabe. Koma nsomba ya mapiko, iai. Pamenepo amayang'anana ndi kusekera kumbali. Mwana wa ku Luangwa kapena wa ku Bangweulu anayamba kuona nsomba akali kumsana kwa amace, ndipo adziwa bwino lomwe kuti nsomba ikaturuka m'madzi ndiye kuti iri pa ulendo wa ku mphika. Tsono mwanayo salakwa pokayika. Ndipo mphunzitsi amene angomyankha kuti, "Zinalembedwa m'buku," wamtseka pakamwa cabe, sanamphunzitse kanthu. Kuti mphunzitsi akhale ndi coyankha, ayenera kudziwa mapangidwe a nsombayi, cimene imacita ikaturuka m'madzi, ndi cifukwa cace imatero. Ndipo potsata zimenezi adzapezanso nkhani ya anthu a pa cisumbu cina cakutali, amene nsomba yomweyi ndiyo ndiwo yao ndi ndalama yao.

Nsomba zouluka si mtundu umodzi. Akatswiri awerenga mitundu yoposa 60, ndipo yonse imakhala m'nyanja zamcere zofunda, ndizo Atlantic, Pacific ndi Indian Ocean. Kotero kuti munthu woyenda pa combo kucokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam angathe kuziona zirikuthawa patsogolo pa comboco. M'madzi ozizira sizikhalamo, pakuti nsomba iribe kutentha kwa m'thupi monga mbalame, ndipo madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 20, minofu yace siitha kugwedeza mcira mwa liwiro lofunika pouluka. Banja lonse limachedwa Exocoetidae, dzina locokera ku mau a Cigriki otanthauza "wogona kunja", cifukwa anthu akale a ku Greece ndi ku Rome anakhulupirira kuti pali nsomba yoturuka m'madzi kukagona pa mtunda. Cikhulupiriro cimeneco cinatha kale-kale, koma dzina linatsala.

Mtundu umodzi umene wafufuzidwa kwambiri ndiwo umene akatswiri amaucha Hirundichthys affinis. Albert Günther, wa ku British Museum ku London, ndiye anaulemba koyamba m'caka ca 1866. Ndipo mau oyambawo, Hirundichthys, anadza pambuyo pace, m'caka ca 1928, kucokera kwa Charles Breder wa ku New York. Pa Cilatini hirundo ndiye namzeze, ndipo pa Cigriki ichthys ndiyo nsomba. Ali yense amene anaonapo anamzeze akuuluka m'munsi-munsi pa thamanda la ku dambo nthawi ya madzulo adzazindikira cifukwa ca dzinali. Nsombayi imakhala m'madera ofunda a nyanja ya Atlantic, tsidya lino ndi tsidya lija: ku gombe la Africa kuyambira ku Guinea kufikira ku Angola, ndiponso ku Brazil ndi ku nyanja ya Caribbean. Koma kumene inachukira ndi ku Barbados, kacisumbu ka kum'mawa kwa Caribbean, kamene m'litali mwace ndi makilomita 34 okha, ndi mu mimba mwace makilomita 23.

Si nsomba yaikuru ai. Zambiri zimene asodzi amagwira ndi za masentimita 20 kufikira 25, ndiye kuti sizifika ndi pa utali wa rula ya m'kalasi. Thupi lace ndi lalitali, lobulungira, lolimba ngati mfundo ya nzimbe. Ku msana ndi yobiriwira modera, ku mimba ndi yoyera mbuu. Cotero mbalame yoyang'ana kucokera kumwamba imaisokoneza ndi mdima wa madzi akuya, ndipo nsomba yaikuru yoyang'ana kucokera pansi imaisokoneza ndi kuwala kwa thambo. Zipsepse ziwiri za kumbuyo kwa mutu, zimene pa nsomba wamba ziri zazing'ono, pa iyi zinatalika kufikira pafupi ndi mcira. Ndi zakuda, zokhala ndi banga loyera pakati ndi mkawo woyera m'mphepete. Posambira imazipinda, nizigoneka m'mbali mwa thupi monga ambulera yotseka. Zipsepse zina ziwiri za ku mimba nazonso zinakula, ngakhale sizifika pa zoyambazo. Ndico cifukwa cace imachedwa ya mapiko anai, posiyanitsa ndi abale ace ena amene ali ndi mapiko awiri okha. Mcira ndi wamphanda, koma nthambi zace sizilingana: ya m'munsi ndi yaitali ndi yolimba kuposa ya pamwamba. Mafupa a msana ndi ogwirana zolimba, kuti thupi lisawete m'mwamba. Ngakhale diso linasiyana ndi la nsomba zina, pakuti pamwamba pace ndi pophwathalala, kotero kuti imatha kuona m'madzi ndi mu mpweya momwe.

Kuuluka kwace kumayambira pansi pa madzi. Ikaona mdani imapinda zipsepse zonse, nisambira mwamphamvu kulinga pamwamba, copendekeka, pa liwiro la ngati mamita 10 pa sekondi imodzi. Mutu ndi thupi zikaturuka imatambasula mapiko akuru aja, koma nthambi ya m'munsi ya mcira imatsalira m'madzi. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Mcirawo umapalasa madzi uku ndi uku mofulumira kodabwitsa, kufikira ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo nsomba imathamanga pamwamba pa madzi itadzutsa mutu, monga ndege yothamanga pa bwalo isananyamuke, nisiya pambuyo pace kanjira kokhota-khota pa madzi. Liwiro likakwanira imatambasula mapiko a ku mimba. Amenewa amanyamula mbali ya kumbuyo, mcira nucoka m'madzi, ndipo nsomba yonse iri m'mwamba, irikuyenda ngati makilomita 60 kapena 70 pa ora.

Kawiri-kawiri imapita mamita 50, osakwera kuposa mita imodzi kapena iwiri pamwamba pa madzi, ngakhale kuti mphepo yokankhidwa ndi mafunde kapena ndi nthiti za combo nthawi zina imaikweza kwambiri. Liwiro likayamba kucepa, mbali ya kumbuyo imatsika, mcira nukhudza madzi; ndipo m'malo mogwera m'madzimo, nsomba imapalasanso, mapiko ali citambasulire, ninyamukanso kaciwiri, kacitatu, kacinai. Mwa njira imeneyi ulendo umodzi ungafike mamita 400. M'mwezi wa May, caka ca 2008, anthu ojambula a wailesi ya kanema ya ku Japan yochedwa NHK, ali pa combo pafupi ndi cisumbu ca Yakushima, anajambula nsomba youluka ya mtundu wa kumeneko irikuyenda m'mbali mwa comboco masekondi 45 osamira, irikungokhudza madzi ndi mcira apa ndi apo.

Tsono funso limene linabvuta akatswiri zaka zambiri ndi ili: kodi nsombayi imakupiza mapiko monga mbalame, kapena imangowatambasula monga muimba akamazungulira kumwamba masana? Amarinyero ambiri analumbira kuti anaona ndi maso ao mapikowo akukupiza, ndipo ena anati anamva ndi kulira kwace komwe. M'caka ca 1878 Mjeremani wina, Karl Möbius, atapima minofu ya pa cifuwa ca nsombayi, anati ndi yocepa kwambiri, siingathe kukupiza mapiko otere. Koma mkangano sunathe, pakuti diso la munthu silitha kutsata cinthu cofulumira motero, ndipo munthu sataya msanga cimene akuti anaona yekha. Akuru akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kunali m'caka ca 1941 pamene Harold Edgerton ndi Breder uja anafalitsa zithunzi zojambulidwa usiku ndi nyali yong'anima mofulumira kopambana, ndipo pa zithunzizo mapiko anaoneka ali citambasulire, osakupiza. Amarinyero aja sananame konse. Cimene anaona ndi kunjenjemera kwa mapiko, kumene kumadza pamene mcira ulikupalasa madzi thupi lonse nkumagwedezeka, kapena pamene mphepo irikuomba m'mphepete mwace. Mphamvu yonse ya ulendo imacokera ku mcira. Mapiko nchito yace ndi kunyamula basi.

Ndipo amanyamula bwino ndithu. M'caka ca 2010 Hyungmin Park ndi Haecheon Choi, a pa Seoul National University ku Korea, anatenga nsomba zouluka za m'nyanja ya kwao, naziumitsa mapiko ali otambasula, naziika m'cimpanda copitamo mphepo ya makina kuti ayese mphamvu yonyamula. Anapeza kuti nsombazo zimayandama mu mpweya bwino monga abakha a kuthengo ndi mbalame zina za pa nyanja. Anapezanso cina cokondweretsa: nsomba ikamauluka pafupi kwambiri ndi madzi, mpweya wopanikizika pakati pa mapiko ndi madziwo umacepetsa cobweza, kotero kuti imapita patali kuposa ikadakwera m'mwamba. Kuuluka m'munsi kuja si kulephera ai, ndi phindu.

Izi zonse mphunzitsi angathe kuzionetsa popanda kugula kanthu. Atenge matemba a mu mtsinje, aonetse ana zipsepse ziwiri za kumbuyo kwa mutu, ziwiri za ku mimba, ndi mcira wamphanda. Pamenepo ana adzaona kuti nsomba youluka iribe ciwalo cacilendo ngakhale cimodzi, koma ziwalo zomwezo za temba, zina zotalikitsidwa cabe. Apinde pepala likhale kandege, aliponye: mphamvu icokera ku dzanja, pepala silikupiza, koma limapita. Phale loponyedwa ca m'mbali pa thamanda, limene limadumpha katatu kapena kanai lisanamire, lionetsa za kukhudza madzi ndi kunyamukanso, kungoti phale limataya mphamvu pa kudumpha kuli konse, pamene nsomba imaonjeza. Ndipo pa bwalo la mpira ana ayese ndi mapazi ao: mamita 50 ndi theka la bwalo, mamita 400 ndi bwalo lonse kanai. Mwana mmodzi athamange pamene anzace alikuwerenga masekondi 45, aone pamene afike.

Nanga nsomba iulukiranji, popeza m'mwamba mulibe cakudya cace? Yankho lace ndi mantha. Pakati pa nyanja yaikuru palibe bango, palibe mwala, palibe muzu wa mtengo wobisalamo. Kansomba kakang'ono kali poyera usana ndi usiku. Mdani wace wamkuru ndi nsomba yochedwa dorado, yobiriwira ndi yonyezimira ngati golidi, yaliwiro ndi yadyera, imene anthu a ku Barbados amaicha dolphin, ngakhale siiri pa cibale ndi nyama yoyamwitsa ya dzina lomwelo. Palinso tuna ndi nsomba zina za milomo yaitali ngati mkondo. Pa mpikisano wa m'madzi kansombaka sikangapambane. Koma madzi ndi olemera kuposa mpweya ngati ka 800, ndipo cinthu cimene caturuka m'madzi cimayenda mopepuka; cotero nsomba ikangoturuka, liwiro lace limakwera, pamene mdani watsala alikulimbana ndi madzi. Kuonjeza apo, nsomba ya pansi pa madzi siiona bwino za kunja. Imaona thambo pa kadera ka pamwamba pa mutu pace pokha, kwina konseko madzi amaoneka ngati kalirole. Wothawayo amangoti zii, ndipo akapendeketsa mapiko amakagwera mbali yina.

Si nthawi zonse pamene njirayi imapulumutsa. Dorado wocenjera amatsata pansi, nadikira pogwera. Ndipo kumwamba kuli mbalame yaikuru yakuda ya mcira wamphanda, imene Azungu amaicha frigatebird. Nthenga zace zimanyowa, kotero siitera pa madzi, koma imatsata kumene madorado alikusaka, niwakha nsomba zimene zaturuka pothawa. Pansi mdani, pamwamba mdani. Zina zimagwera pa zombo usiku: anthu asanu ndi mmodzi amene anaoloka nyanja ya Pacific pa phaka la mitengo lochedwa Kon-Tiki m'caka ca 1947, motsogozedwa ndi Thor Heyerdahl, m'mawa ankatola nsomba zouluka zogwera pa phakapo usiku, nazikazinga.

Nzeru yothawira m'mwambayi si yatsopano m'nyanja. M'caka ca 2012 akatswiri a ku China analengeza za nsomba yosanduka mwala imene inapezeka m'cigawo ca Guizhou, ya zaka zoposa 235 miliyoni, yokhala ndi mapiko anai ndi mcira wotalika m'munsi. Anaicha Potanichthys. Siinali kholo la nsomba zouluka za lero, inali ya pfuko lina limene linatha. Koma bvuto linali lomwelo, ndipo thupi linafika pa mapangidwe omwewo.

Cakudya ca nsomba youluka ndi tizilombo ting'ono-ting'ono toyandama pamwamba pa nyanja, tambiri ta mtundu wa nkhanu koma tocepa ngati njere ya mawere, pamodzi ndi tiana ta nsomba zina. Usiku imakopeka ndi kuwala, monga momwe kapenta wa ku Kariba ndi ku Tanganyika amasonkhanira pa nyali ya asodzi, kapena inswa pa nyali ya pa khonde mvula zoyamba zitagwa. Anthu a mtundu wa Tao, a pa cisumbu ca Lanyu pafupi ndi Taiwan, akhala akuzigwira ndi miuni kuyambira makolo ao. Koma asodzi a ku Barbados ali ndi njira yina, ndipo kuti imveke, payenera kuyamba pafotokozedwa za moyo ndi kuswana kwa nsombayi.

M'mutu mwa nsomba iri yonse ya mafupa muli timiyala toyera ta m'khutu, tothandiza kumva ndi kukhazikika m'madzi. Timiyalati timakula ndi nsomba, ndipo pa nsomba yaing'ono timaonjeza kamzere kamodzi tsiku liri lonse, monga mizere ya zaka yooneka pa citsa ca mtengo. Munthu akakadula bwino kamwalako nakayang'ana ndi galasi lokuza zinthu, angathe kuwerenga masiku a nsombayo. Akatswiri a pa University of the West Indies ku Barbados anawerenga, napeza kuti nsombayi imakula msanga zedi, niyamba kuswana iri ndi miyezi 5 kufikira 7. Koma nsomba ikakula mizereyo imapanikizana, siwerengekanso bwino; tsono m'caka ca 1993 Steven Campana, Hazel Oxenford ndi mnzao wina anayesa timiyalato mwa njira yina, ya mankhwala a m'kati mwace, natsimikiza kuti nsombayi imakhala caka cimodzi, ndipo yokalambitsa siipitirira miyezi 18. Kunena mwa cimunda, nsomba youluka si mtengo wa mango umene ukalephera caka cino udzabala caka camawa, ndi cimanga. Zimene zirikugwidwa caka cino ndi ana a zimene zinaswana caka catha, ndipo palibe zakale zotsalira zimene zingakonze zinthu mbeu ikaonongeka.

Nyengo yoswana imayamba ca mu December nifika mu June. Mazira ace ndi olemera kuposa madzi. Akadangotayidwa pakati pa nyanja akadamira ku madzi akuya, ozizira ndi amdima, kumene sakadaswa. Koma dzira liri lonse liri ndi timaulusi tomata ngati ulimbo, ndipo nsomba zimafuna cinthu coyandama cakuti zimatepo mazirawo: tsamba la kokonati lotengedwa ndi madzi, cikuni, ndere za m'nyanja, ngakhale cingwe cotayidwa. Pa nyanja yaikuru zinthu zotere ndi zosowa, ndipo cimodzi cikapezeka, nsomba zimadza mazana-mazana, zazikazi kuikira, zazimuna kuthira mbeu, zonse zirikukankhana. Mazira amaunjikana mpaka kukhala cimtanda. Nsomba zina zimakodwa m'maulusiwo, nizikwiririka ndi mazira a zinzace, nizifera pomwepo. Ndipo nthawi zina tsamba lonse limalemera mpaka kumira.

Asodzi a ku Barbados anazindikira khalidwe limeneli. Akafika pa malo amazima injini, ngalawa niyamba kungoyenda ndi madzi. Amamanga mitolo ya masamba ouma a nzimbe kapena a kokonati, imene iwo amaicha screelers, naiponya pa madzi itamangidwa ku ngalawa ndi zingwe. M'mbali mwa ngalawa amapacika dengu la nyambo, ndiyo nsomba zosinja-sinja zothira mafuta, kuti pfungo lace lifalikire. Nsomba zikasonkhana kudzaikira mazira, asodzi amakoka mitoloyo pang'ono-pang'ono, nachera ukonde wokola m'khosi, wonga machera a ku nyanja ya Malawi. Ndipo tsiku labwino nsomba zimacuruka kotero kuti amangozitunga ndi kaukonde ka m'manja, monga munthu atunga madzi. Kale ankapita ndi ngalawa za matanga, kucoka m'bandakuca ndi kubwera madzulo. Pambuyo pa namondwe wochedwa Janet, wa m'caka ca 1955, amene anaononga ngalawa zambiri, za injini zinalowa m'malo mwa za matanga. Ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunadza ngalawa zazikuru zonyamula madzi oundana, zotha kukhala pa nyanja sabata yathunthu ndi kupitirira.

Ku gombe nchito imatsalira amai a m'misika ya Bridgetown ndi Oistins. Nsomba youluka iri ndi minga yambiri yaing'ono, yondandama m'mizere, ndipo kuicotsa ndi kampeni osaononga mnofu ndi luso limene mkazi amaphunzira kwa amace kapena kwa mnzace. Pa cikondwerero ca nsomba ca ku Oistins, nyengo ya Pasaka, pamakhala ndi mpikisano wace. Anthu ambiri a pa cisumbuci ndi zidzukulu za Aafrika amene anatengedwa ukapolo kucokera kumadzulo kwa Africa kukalima nzimbe, ndipo cakudya cimene amanyadira ngati ca dziko lao sicingamdabwitse mwana wa ku Chipata kapena ku Katete: amacicha cou-cou, ndico ufa wa cimanga wophikidwa pamodzi ndi therere lobala, wotakasa ndi mthiko wophwathalala mpaka kulimba, ndiwo yace nsomba youluka ya msuzi. Pa zaka zambiri, mwa nsomba zonse zofika ku gombe la Barbados, zoposa theka zinali zouluka. Cithunzi cace ciri pa ndalama yao ya citsulo ya dola imodzi, ya ngondya 7, ndipo cisumbuco cimachedwa dziko la nsomba youluka.

Apa pali cinthu cofunika kuciganizira bwino. Kuno ku Zambia boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane mu mtendere. Ku Barbados lamulo lotere likadatseka usodzi wonse, pakuti nsomba youluka imagwidwa cifukwa ca kuswana komweko. Nyengo yoswana ikatha imabalalika pa nyanja, ndipo asodzi amakweza ngalawa pa mtunda kuzikonza. Ndiye kuti msodzi amakolola pa nthawi yofesa, ndipo mbeu yace ndi ya caka cimodzi. Cimene cakhala cirikupulumutsa mtunduwu ndi kucuruka kwa mazira, kukula msanga kwa ana, ndi kukula kwa nyanja imene ngalawa sizingaitsirize. Koma si nyanja yonse ya Atlantic imene ingabweze zotayika. Kufufuza kwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunaonetsa kuti nsomba za kum'mawa kwa Caribbean, za ku Curaçao ndi za ku Brazil ndi magulu atatu osasakanizana. Ndipo nsomba zimene akatswiri anaziika zizindikiro nazibweza m'madzi zinakagwidwanso pafupi ndi zisumbu zina. Gulu limodzi lomwelo ndilo limadyetsa Barbados, Tobago, Grenada, Saint Vincent, Saint Lucia, Martinique ndi Dominica. Nkhokwe ndi imodzi, eni ace ndi ambiri.

Pa nkhokwe yotere mlandu sucedwa. Ngalawa za madzi oundana zija zinayamba kutsata nsomba kumwera, makilomita oposa 200, kufikira m'madzi a pafupi ndi Tobago, ndipo asilikari a pa madzi a dziko la Trinidad and Tobago anayamba kugwira asodzi a ku Barbados ndi kulanda nsomba zao. A ku Barbados anati makolo ao anasodza kumeneko kuyambira kale. Enawo anati madziwo ndi ao. M'mwezi wa February, caka ca 2004, Barbados anatengera nkhaniyi ku bwalo la oweruza asanu lokhazikitsidwa monga mwa pangano la maiko la za nyanja, ndipo ciweruzo cinaturuka pa 11 April 2006. Bwalo linalemba malire a pa madzi pakati pa maiko awiriwo, ndipo silinabvomere kuti madzi a kumpoto kwa Tobago akhale a Barbados cifukwa ca usodzi. Koma linati maiko onse awiri ali ndi udindo wogwirizana pa kasungidwe ka nsomba youluka, ndi kukambirana moona mtima za pangano lakuti asodzi a ku Barbados azisodza m'madziwo. Pansi pa nyanja imeneyo pali ciyembekezo ca mafuta ndi gasi, ndipo si nsomba yokha imene inatenthetsa mitima. Koma dzina limene anthu anaupatsa mlanduwo ndi la nsomba.

Bvuto lalikuru la masiku ano silinacokere kwa anthu a cisumbu cina. Kuyambira m'caka ca 2011 ndere zofiirira zoyandama, zochedwa Sargassum, zinayamba kufika ku Caribbean zocuruka mosaoneka n'kale lonse. M'caka ca 2018 zithunzi zojambulidwa kucokera m'mlengalenga zinaonetsa mkuzi wa nderezi wotalika makilomita 8,850, kuyambira ku gombe la kumadzulo kwa Africa kufikira ku Gulf of Mexico, wolemera matani oposa 20 miliyoni. Zikafika ku gombe zimaola ndi kununkha. Pa nyanja zimatseka injini ndi kudzaza maukonde. Koma cimene cinapweteka asodzi a nsomba youluka koposa ndi ici: mtolo wa masamba a nzimbe unali ndi mphamvu cifukwa coyandama cinali cosowa. Tsopano nyanja yadzala ndi zoyandama, nsomba iri ndi poikira mazira pali ponse pamene ifuna, ndipo iribe cifukwa codzera ku ngalawa. M'zaka za ndere zambiri nsomba zouluka zofika ku misika ya Barbados zinacepa kwambiri, mtengo wace nukwera, ndipo amai ocotsa minga anakhala masiku ena mipeni iri m'manja popanda nchito. Asodzi ena anatembenukira ku tiana ta dorado, timene timabisala pansi pa nderezo, nayamba kubwera nato ku gombe tisanafike pa msinkhu woswana.